Thadzi la Apongozi ndi Setilaiti

Lolemba
Alangizi abweretsa chitsulo cha malata atatu olumikiza, chonga beseni la ngodya zitatu. Akuti Loweruka setilaiti idutsa kumwamba kwa Wimbe, ndipo imaona ngakhale kupyola mitambo. Chitsulocho chikawala pachithunzi, akuluakulu adziwa pamene pali dambo lathu, aona kuti madzi ake saphwa, ndiye kalabu yathu ilandira pampu ya sola. Tipumuleko ku fodya, tilime tomato. Malamulo ndi awiri: chisasunthe, ndipo musakhale kanthu m'kati mwake. Mlonda ndine! Tachizika m'mphepete mwa dimba la apongozi anga aakazi. Ndine wokondwa, sindibisa.

Lachiwiri
Zomwe ndapezamo zitayanikidwa:
nkhwani wa mfutso
tsabola
masokosi a aphunzitsi
Ndachotsa zonse mwaulemu.

Lachitatu
A Phiri, mkulu wa mpingo, achitembenuza kuti chiyang'ane kumsewu. Akuti, "Chitukuko chizioneka." Ndachibweza potsata zikhomo zimene alangizi anakhoma pansi. Thukuta kamukamu, chonsecho kukuzizira.

Lachinayi
M'chitsulo muja muli udzu, mazira khumi ndi awiri, ndi thadzi lakuda pamwamba pake. Apongozi alisamutsira momwemo. Akuti n'pokwera, agalu safikapo, komanso malata amafunda. Layamba kumene kufungatira. Ine ndine mkamwini pamudzi pano. Ndi apongozi tikakumana panjira timapatukirana, aliyense kutchire kwake. Ndiyambira pati?

Lachisanu
Ndatuma akazi anga kuti akandilankhulire. Abwerako akuseka. Yankho la apongozi: "Chinthucho si mukuti chimaona kupyola mitambo? Ndiye chikanike ndi nkhuku imodzi?" Ndatenga foni. Ndaimbira alangizi, nawonso aseka kaye, kenako akuti udzu ndi nkhuku zichotsedwe basi. Kunena n'kosavuta ukakhala ku boma.

Loweruka
Kalabu yonse ili padambo, ena avala zakutchalitchi, nkhope zili m'mwamba. Sitikuona kanthu, koma khwangwala. Nthawi itayandikira ndalimba mtima, ndatambasula dzanja kuti ndinyamule thadzi. Landijompha. Kuseri kwa nthochi apongozi atsokomola kamodzi kokha. Ndabweza dzanja, ndayamba kukonza chipewa.

Lamulungu
Tikutuluka m'tchalitchi, alangizi andionetsa chithunzi pafoni. Madzi akuoneka, dambo lathu lili moyo ndithu. Koma kadontho ka chitsulo chathu n'kozilala ngati tochi yotha mabatire, sikokwanira kutsimikiza malo. Akuti tisataye mtima, setilaiti idutsanso pakatha masiku khumi ndi awiri. Ndawerenga zala: thadzi latsala ndi masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Basi, tidikira ulendo wachitatu. Madzi sathawa, pampu ibwera.

Madzulo apongozi atumiza uthenga kudzera mwa akazi anga. Mazira akaswa, mwanapiye mmodzi ndi wanga. Akuti chibadwire sanaone mkamwini wolondera nkhuku ya apongozi mokhulupirika chotere.