Tsiku Limene Mneneri Anasasa Mawu

M'mudzi wina, womwe dzina lake tilisunga popeza nafenso timagula tomato komweko, munali udindo waulemerero wa Mneneri Wamkulu wa Anthu Opanda Mawu. Mwini mpandowo anali a Chimphonda, bambo woti akangotsokomola, nkhuku za mudzi woyandikana nawo zimathawira m'khola.

Lamulo lake linali losavuta. Munthu wopanda mawu amaloledwa kuimba kutchalitchi, kukalipira ana ndi kutsatsa zitumbuwa pamsika, koma pamsonkhano ayi. Akangoti "ine", ndiye kuti mawu ali nawo, ndipo amachotsedwa pagulu la ofunika thandizo. Choncho anthu amangokhala duu, a Chimphonda n'kumamasulira nkhope zawo. Ukagwedeza mutu, wavomera. Ukapukusa mutu, wavomera kwambiri, moti ukudabwa ndi ubwino wa nkhaniyo.

Mayi Nangondo anali ndi dimba la mpiru lomwe limadyetsa ana awo, ndipo mbuzi za a Chimphonda zinalisandutsa lesitilanti. Pamsonkhano uliwonse mayiwo amaloza kudimba, kenako n'kuloza mbuzizo, misozi ili chuchuchu.

"Mayiwa akuti akuthokoza chifukwa cha manyowa aulere," amalengeza a Chimphonda.

Zinali zowawa, abale, koma m'manja mumaombedwa ndithu.

Kenako kunamveka zoti kukubwera alendo a bungwe lina kudzamva zofuna za anthu opanda mawu. A Chimphonda anakwera pachulu n'kumayeserera zokalankhula, m'mawa, masana, madzulo, mpaka agalu anasamuka m'mudzimo. Tsiku litafika anaimirira, kukonza tayi, kuyasama. Munangotuluka kamphepo basi. Mawu anali atasasa, kutheratu.

Alendo aja kusangalala kwake! Chiyambire ntchito yawo anali asanaonepo munthu wopanda mawu weniweni. Anawajambula kutsogolo ndi kumbali, wina n'kumawasisita paphewa.

"Ndani awalankhulire bambowa?" anafunsa mkulu wa alendowo.

Bwalo lonse zii, aliyense kuopa kuchotsedwa pagulu lija. Mayi Nangondo anamangitsa chitenje n'kuimirira. Thandizolo anali asanalilawepo chibadwire, ndiye chotaya panalibe.

"Bambowa akuti mbuzi zawo zandithera dimba, ndipo manyazi awagwira kwambiri."

A Chimphonda anatong'ola maso.

"Akutinso ndikatenge mbuzi yaikazi ya bere ija, ndipo mpanda wa dimbalo amanga okha mawa, ndi manja awo."

Apa Mneneri Wamkulu anapukusa mutu mwamphamvu mpaka chipewa chinagwa, uku akukupiza manja ngati akuthamangitsa njuchi.

Mlendo uja anada nkhawa pang'ono. "Nanga apa akuti chiyani, mayi?"

Mayi Nangondo asanatsegule pakamwa, bwalo lonse, lomwe linali lisanalankhulepo pamsonkhano, linayankhira pamodzi mwaulemu:

"Avomera kwambiri."