A Hamilton Kamtedza ndi Kamoto ka Giza

A Hamilton Kamtedza sankapereka moni ngati anthu ena. Mukakumana nawo kutchalitchi, kuukwati, kaya pamaliro penipeni, ankakugwirani dzanja, n'kukuyang'anani m'maso, n'kufunsa motsitsa mawu: "Madzi akutentha?" Za ana ndi za kumudzi zinkabwera pambuyo, nthawi ikakhalapo.

Ankakhala ku South Bend, komwe anagwira ntchito yokonzakonza zinthu panyumba ina yosungira okalamba mpaka kupuma. Mayi a kunyumba kwawo anali atatisiya kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Akuzike, ali ku Texas. Koma mahita a madzi a Amalawi tonse a ku Indianapolis anali m'manja mwawo. Iwo ankati magiza, ngati kwathu, ndipo sankafuna kuwongoleredwa.

Kwa inu amene simutsika m'besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba: pansi pa thanki pamakhala kamoto kakang'ono ka buluu, ka pailoti, koyenera kuyaka nthawi zonse. Kakazima, madzi amachita ngati mwawatunga m'firiji. Kwathu ku Beech Grove kankazima kawiri pamwezi. Ndikangoimba foni, Loweruka m'mawa a Hamilton ali pakhomo, atadiraiva maola awiri ndi theka, atavala ovololo yochita kusita.

Ntchitoyo inali ndi mwambo wake. Ankayamba ndi kutseka gasi, n'kununkhiza mbali zonse ngati munthu wogula nsomba. "Ukadzamva fungo, Shadrick, usadzayatse kanthu. Tulutsa ana, foni ukaimbire panja." Kenako tinkadikira mphindi khumi kuti mpweya uchoke. Mphindi khumizo zinkatha ola lathunthu, chifukwa m'pamene ankandifotokozera za zigoli zomwe anamwetsa ku Zomba ali mnyamata, ndipo zigolizo zinkawonjezekera chaka ndi chaka. Akatero ankayala katoni, kugona chafufumimba, kukanikiza batani, kuyatsa, diso lili pakawindo koonera motowo.

"Gwada apa. Gwira batanili, usasiye mpaka nditanena."

"Papepala la pathankipa alemba kuti miniti imodzi, bambo."

"Analembayo sakuidziwa giza imeneyi."

Kamoto kakazimanso ndikangosiya batani, ankatulutsa kawaya ka kopa kamene nsonga yake imakhala m'motomo. Dzina lake themokapo. "Uyu ndi mlonda," ankatero. "Akamva kutentha amatsegulira gasi, akapanda kumva amatseka. Wanuyu wakalamba, sakumva bwino." Ankakapala ndi sandipepa n'kukabwezera.

"Bwanji tigule katsopano, bambo?"

"Inenso sindimva bwino. Mundigula watsopano?"

Chozimitsa motowo chinkasintha nyumba ndi nyumba. Kwa a Joan, kufupi ndi Lafayette Road, anati ndi kangaude. Kwa Jabulani ku Speedway anati ndi magalimoto a mpikisano wa kumeneko, amagwedeza nthaka.

"Koma bambo," anatero Jabulani, "mpikisano unali mu Meyi. Uno ndi Disembala."

"Nthaka ya kuno imachedwa kukhazikika."

Akatuluka m'besimenti, ndiye tiyi, mpunga, nkhani mpaka dzuwa kupendeka. Ana athu ankawayankha m'Chingerezi, iwo n'kumangopitiriza m'Chichewa ngati palibe chachitika. Pochoka ankasiya mawu amodzimodzi: "Kakazima, undiimbire." Ndipo kankazimadi.

Amene anatopa ndi mkazi wanga Lucia. Ndi nesi, shifiti yake imayamba sikisi koloko m'mawa, ndipo Januwale wa ku Indiana sakhala ndi chibale. Tsiku lina ndinamupeza atanyamula poto wa madzi akulowera kubafa.

"A Shadrick, ine ndinakwera ndege kudzaphitsa madzi osamba m'poto?"

"A Hamilton abwera Loweruka."

"Lero ndi Lachiwiri."

Sanakanganenso nane. Anaonera kavidiyo pafoni, anakagula themokapo, anatseka gasi, n'kumanga yekha ine nditagwira tochi. Anapaka thovu la sopo m'molumikizira kuti aone ngati gasi akutuluka. Theka la ola, basi. Kamoto kanayaka, ndipo sikanazimenso. Ndinaimbira a Hamilton kuti asavutike, kayaka kokha.

Panapita masabata asanu ndi limodzi. Tinakumana nawo pamapemphero a Amalawi ku South Bend, nthawi ya chakudya.

"Madzi akutentha?"

"Akutentha, bambo."

"Masiku onse?"

"Masiku onse."

"Zabwino zimenezo," anatero. Anakakhala pakona, mbale pamwendo, osadya. Kunena zoona, zinandipweteka. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti munthu sadiraiva maola asanu chifukwa chokonda giza. Loweruka lawo tinali ifeyo, ndipo tinali titawalanda popanda kuwauza.

Lachisanu lotsatira ndinatsika m'besimenti, ndinapotoza batani n'kuzimitsa kamoto ndi dzanja langa. Potembenuka, Lucia ali pamasitepe ndi dengu la zovala.

"Madzi anga a Lolemba akhale otentha," anatero. "Zinazo sindinaone."

A Hamilton anafika m'mawa mwake, ovololo ili yosita. Kutseka gasi, kununkhiza, zigoli za ku Zomba, katoni pansi. Atawalitsa tochi pakawindo, kawaya ka Lucia kanali ng'aning'ani, katsopano, koonekera ngakhale kwa wakhungu. Anakayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali ndikukonza bodza loti ndinene.

"Nyumba ino ili ndi mphepo," anatero osadzutsa mutu.

"Yambiri, bambo."

"Imabwera liti?"

"Kawirikawiri Lachisanu madzulo."

"Mphepo zoterezi ndimazidziwa. Sizitha."

Ndipo siinathedi. Inawomba kawiri pamwezi kwa zaka zitatu, ndipo palibe tsiku lomwe aliyense wa ife anatchulapo za kawayako. Sandipepa ankabwera naye ndithu, koma kwathu sankamutulutsa m'thumba.

Anatisiya mu Okutobala chaka chatha, atadwala sabata imodzi. Mwambo wa maliro utatha, Akuzike anatiitanira kugalaja ya bambo ake, akuti pali katoni yomwe sakuimvetsa. Munali mathemokapo atsopano, osatsegula, ena mapaketi ake atachita kufuwa ndi zaka. Paketi iliyonse inali ndi dzina lolembedwa ndi dzanja lawo: Joan, Jabulani, ndi ena onse. Anali nawo nthawi yonseyi. Jabulani anayamba kuseka, akuti, "Nthaka imachedwa kukhazikika," koma kusekako sikunathe bwino, anatuluka panja.

Ndinafufuza langa, osalipeza. Akuzike anandipatsa kapepala komwe kanali pansi pa katoniyo. Analembapo kuti: "Shadrick safunika. Amazimitsa yekha."

Lero magiza onse a Amalawi a ku Indianapolis akuyaka bwinobwino. Aliyense anamanga kawaya kake, ndipo sindinamvepo wodandaula. Kungoti Loweruka latalika. Tikakumana kutchalitchi timafunsana za ana ndi za kumudzi, n'kukwera magalimoto athu. Kwa Jabulani sindinapondeko chichokereni kumaliro.

Lachisanu lapitali ndinapezeka ndatsika m'besimenti. Katoni yawo ikadali kuseri kwa thanki. Ndinaiyala, ndinagona chafufumimba, n'kusuzumira pakawindo. Kamoto kanali nji, ka buluu, kosagwedezeka. Dzanja langa linali pabatani, koma woti ndimuimbire panalibe.

Lucia anaima pamwamba pa masitepe. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Madzi akutentha?"

"Akutentha," ndinayankha.