Masitepe 440 a Malachy Tuohy

Aliyense amene anaphunzirapo pa yunivesite yathu ino, kumadzulo kwa Ireland, amadziwa kuti malemu Malachy Tuohy ankadana ndi tepi yoyezera kuposa mmene ankadanira ndi Satana. Anasamalira bwalo lathu lamasewero kwa zaka makumi anayi. Chaka chilichonse mu Meyi, ukayandikira mpikisano wathu wa liwiro ndi a yunivesite yakummawa, iye ndiye ankajambula njira yothamangamo pa kapinga, ndipo muyeso wake unali miyendo yake basi.

Mwambowo unali ndi malamulo ake. Ankavala nsapato za pa ukwati wake, kumwa tiyi wa masupuni anayi a shuga, kuchita chizindikiro cha mtanda, n'kuyamba kuzungulira bwalo akuwerenga mokweza. Ophunzira tonse tinkamutsatira ndi zikhomo ndi ndowa ya laimu, tili chete ngati tili pamaliro. Wina akangotsokomola, mkuluyo ankabwerera poyambira.

"Sitepe yanga imodzi ndi yadi imodzi," ankatero. "Masitepe 440, mayadi 440. Wotsutsa akafunse abishopu."

Ali mnyamata zinalidi choncho. Koma munthu amakalamba. Nyamakazi inamulowa m'mawondo, kenako m'chiuno, masitepe aja n'kumafupika, njira nayo n'kumafupika chaka ndi chaka. Tsono ife tinasanduka akatswiri! Ultan Feeney, chimnyamata chophunzira udokotala chimene chinkasuta ndudu makumi awiri pa tsiku, chinathamanga mailo imodzi pa nthawi imene inaliza wansembe wathu misozi. Nyuzipepala ya m'tauni inati chinsinsi chathu ndi mphepo yakunyanja. Ena ankati ndi mbatata zathu.

Alendo akummawa aja ankavutika zedi. Iwo ankasunga mphamvu kuti adzatulutse kumapeto, n'kungozindikira kuti mpikisano watha kale, ife tikupukuta thukuta.

"A Tuohy, bwaloli chaka chino likuoneka laling'onotu," anadandaula mphunzitsi wawo tsiku lina.

"Ndi maso anuwo, bwana. Kwanu kuja mumawerenga mabuku kwambiri."

Mwina mukuti sitinkadziwa. Tinkadziwa bwinobwino, ndipo ndikulemba izi ndi manyazi. Kunja kwa mzere wa laimu malo ankangokula. Poyamba panakwana ngolo ya wogulitsa ayisikilimu, kenako panakwana bandi yonse ndi ng'oma zake. Palibe anafunsa kumene malowo akuchokera, poti chikho cha mpikisano chinkakoma.

Mu 1979 ine, Cormac Devane, ndinazungulira bwalolo m'masekondi 46. Dzina langa analilemba ndi utoto wagolide pa bolodi la akatswiri m'holo yodyera. Sabata yotsatira ndinakathamanga pa bwalo lina, n'kutenga masekondi 51. Ndinanamizira m'mimba.

Patapita zaka zisanu ndinali wapampando wa komiti ya mpikisanowo. Chaka chimenecho alendo anabwera ndi mayi Prendergast, mphunzitsi wa zomangamanga, munthu wamfupi wosaseka. Mfuti yoyambitsira isanalire, mayiwo anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa tepi.

"Mayi, chinthu chimenecho bwezani m'chikwama," anatero Malachy. "Pano pali ana."

"Ndingoyeza pang'ono, bambo."

"Mukayeze makatani kwanu!"

Anayezabe, anthu zikwi ziwiri akuonerera, bandi itasiya kuimba. Anapeza mayadi 405.

Tinakumana m'tenti ya oweruza. Alendo anati mayina onse a zaka makumi awiri afufutidwe pa bolodi lija, pokhapokha titaonetsa kuti cholakwikacho n'cha chaka chino chokha. Onse anandiyang'ana ine wapampando. Malachy anali ataima pakhomo la tenti, chipewa chili m'manja.

"Zaka zonsezi njirayi inali yokwanira," ndinatero, mawu osanjenjemera n'komwe. "Koma chaka chino mkuluyu mutu wayamba kumusokonekera. Akumaiwala manambala. Ife sitinadziwe."

Munthu amene sanaphonyepo nambala ngakhale imodzi chibadwire! Mayi Prendergast anatembenuka. "Bambo Tuohy, n'zoona zimenezi?"

Malachy anandiyang'ana, kenako anavala chipewa chake. "Mnyamatayu ndi wophunzira, mayi. Ngati watero, ndiye kuti ndi choncho."

Bolodi linapulumuka. Malachy anamupumitsa ntchito sabata yomweyo, ndipo tauni yonse inayamba kumulankhula mokweza ndi pang'onopang'ono, monga amachitira ndi munthu wozungulira mutu. Wogulitsa nyama ankachita kumuwerengera masoseji m'manja, imodziimodzi.

Zinanditengera zaka ziwiri kuti ndikamuone ku nyumba ya okalamba. Ndinanyamula botolo la mowa wakuda kuti lindilankhulire. Ndinamupeza pa njinga ya olumala, akukangana ndi namwino za kutalika kwa khonde.

"Taonani wabwera, mphezi ya kumadzulo!" anakuwa. "Mupatseni mpando, watopa uyu. Wathamanga mayadi 405."

"A Malachy, ine ndabwera kuti..."

"Usandililire pano, anthu angayese ndafa. Tsegula botololo." Anamwa, napukuta pakamwa. "Ukuganiza kuti sindinkadziwa? Miyendo ndi yanga, mphwanga. Koma ndikanatenga tepi, mawa lake akanati nkhalambayi ntchito yake n'chiyani, tepi angaigwire aliyense. Ndinali wamantha ngati iwe wemwe. Kusiyana kwake, ine sindinaloze munthu chala."

Ndinamufunsa ngati pali chimene ndingachite.

"Chilipo chimodzi. Pa phwando la mpikisano, wosamalira bwalo ndi amene amakweza tambula yoyamba n'kulankhula mawu oyamikira. Ndinaikweza zaka makumi anayi. Chaka chino uikweze iwe, unene kuti Malachy Tuohy ankadziwa kuwerenga. Zokhazo. Za bolodi lakolo usatchule, ndilibe nazo ntchito."

Ndinalumbira kuti ndidzatero. Tsiku la phwando ndinaimirira, tambula m'manja, mawuwo ali kale pamlomo. Kenako ndinaona mayi Prendergast pa tebulo la alendo, atatchera khutu. Ndinaganiza kuti ngati ankadziwa kuwerenga, ndiye kuti ine ndinanama, ndipo funso lotsatira likhala la golide uja. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha nyengo yabwino, n'kukhala pansi. Kunja kunkagwa mvula.

Malachy anamwalira mu Novembala chaka chomwecho. Namwino uja anandiuza pa manda kuti m'mawa wake wa phwando mkuluyo anafunsa ngati pali uthenga, ndipo sanadzafunsenso.

Lero kapinga uja kulibe. Anayala mphira wofiira, woyezedwa ndi makina, ndipo mu Meyi palibenso amene amadzuka m'mamawa kukatsatira munthu aliyense. Ana amangofika, kuthamanga, kumapita. Bwalo n'lokwanira ndithu, koma ndi lozizira, ndipo ine ndimadutsapo mofulumira. Nthawi yanga ija palibe anaifikapo, choncho chaka chilichonse amandiitana kuti ndidzapereke mphoto.

Chaka chatha mtsikana amene anapambana anandigwira dzanja mwaulemu. "Bambo Devane, akuti kale njira ankayeza ndi munthu wapansi, wamisala pang'ono. N'zoona?"

"Panali mkulu wina wake," ndinayankha.

"Dzina lake anali ndani?"

Holo inali yodzaza, ndipo anzake anali atatizungulira kuti amve.

"Papita nthawi, mwanawe. Ndaiwala."

Anandimvera chisoni, n'kundipempha kuti tijambulitse limodzi. Wojambula anati ndimwetulire, ndipo ndinamwetulira.