Chitseko cha Mai Priska

Ku Makhanga kunalibe munthu wosawadziwa Mai Priska, amene ankayenda ndi chitseko pamutu. Kumsika ankayalapo milamba yowamba, kumaliro ankakhalira chitseko chomwecho. Tsiku lina anyamata a Yufi atawaimitsa kufuna khadi la chipani, iwo anati khadilo lili m'nyumba, "ndipo khomo lake ndi ili ndasenzali, gogodani." Anyamatawo anangowasiya apite.

Ana ankati ndi misala, koma akulu ankadziwa chiyambi chake. Amuna awo, a Lorenso, ankadula nzimbe ku esiteti. Kwa zaka zingapo, akabwera kumudzi ankagona chopenya kukhoma, osawakhudza n'komwe. Mai Priska atakadandaula kwa ankhoswe, anawaseka. Akuti munthu watopa ndi chikwanje, ndipo mkazi waulemu satchula zotere. Pamenepo n'kuti mudzi wonse ukudziwa za mkazi wina wa ku Nchalo.

Kenaka a Lorenso anabwerako ndi chindoko, akufuna mphasa ija anaikana. Mai Priska anatseka chitseko. Sipanathe sabata, ankhoswe omwewo anawaperekeza a Lorenso kukhoti, ndipo khoti linati kumana mwamuna ndi nkhanza, chitsekocho chisadzatsekedwenso.

"Ine nditamanidwa munati ndipirire," anatero Mai Priska. "Awa amanidwa, mwati nkhanza. Kodi thupi lomva kuwawa ndi la mwamuna lokha?"

Anthu anaseka, ndi amayi omwe. Mai Priska atafika kunyumba anazula chitsekocho, nati khoti lisavutike, sichidzatsekedwanso. A Lorenso analowa, matenda nawo analowa. Mimba ziwiri zinapita padera, ndipo bamboyo anabwerera ku Nchalo osatsanzika.

Amayi omwe ankawaseka kuchitsime ndiwo ankabwera mozemba kudzawapempha kuti awaperekeze kwa ankhoswe. Iwo sankakana. Ankakhala kumbuyo, n'kumangofunsa kuti akanakhala mwamuna mukanati chiyani, mpaka madoda kusowa poyang'ana. Milandu yambiri sankapambana, koma mkazi ankabwerako atalankhulako.

Mai Priska anamwalira chaka cha madzi osefukira, njira zonse zitaduka, moti ambiri anamva za maliro ataikidwa kale. Ankhoswe a ku Makhanga amati masiku ano nkhani za m'banja sizivuta, zimatha dzuwa lisanatenthe. Mkazi amagwada, amati wamva, n'kunyamula khasu kupita kudimba.