Gitala Yamphako ya ku Limbuli

Lolemba

Tchuthi changa chayamba lero. Thirakitala ya kuesiteti ndaisiyira mnzanga. Ena akakhala pa tchuthi amagona mpaka dzuwa kuwaotcha, ine mtima uli m'mwamba.

Dzulo titamaliza kuyeserera, a Makwinja, eni bandi yathu, anandiitanira kuseri kwa holo. Akuti gitala yanga yakale ikulira ngati chitseko cha bafa. Akuti Loweruka tili ndi ukwati waukulu pa Chonde, ndipo ndikabweranso ndi chithabwa chimenechi, mbali yanga aziimba okha pa kiyibodi. "Kiyibodi ili ndi batani la gitala, achimwene, ndipo siipempha ya thiransipoti." Ananena akuseka, koma ine ndimawadziwa.

Ine amene ndinayamba nawo bandi imeneyi tsitsi lidakali lakuda! Kundichotsa ndi batani!

Bonasi ya chaka chino sindinaikhudze. Ndigula gitala ya jazi, yamphako, ija ya mimba yaikulu yokhala ndi timabowo tiwiri tokhotakhota, imene imalira mofatsa ngati munthu wokhuta. Ndamva kuti zilipo ziwiri m'boma muno.

Dongosolo:
- mawa, kukaona ya a Namakhwa pa Chinakanaka
- Lachitatu, kukaona ya m'sitolo ku Limbuli
- Lachinayi, kugula
- Lachisanu, kuyeserera
- Loweruka, a Makwinja achite manyazi

Mkazi wanga, mayi a Tadala, akuti ndichite zimene ndikufuna ndi bonasi yanga, bola njinga ya pakhomo ndisaigwire.

Lachiwiri

Mayo ine! Bwenzi ndisanaione.

A Namakhwa ndi madala amene kale ankaimba m'mahotela ku Blantyre. Pano zala zinauma ndi nyamakazi. Ndawatengera nanazi. Aitulutsa pansi pa bedi, yokulunga m'bulangete. Mtundu wake ngati tiyi wopanda mkaka. Pamene chigongono chimatsamira penti inatha kalekale.

Ndaikhudza kamodzi, tsitsi nyaunyau. Popanda ampu, popanda magetsi, koma mawu adzaza chipinda chonse. Ndaimba kanyimbo kamodzi, misozi ikufuna kundichititsa manyazi pamaso pa munthu wamkulu. Iwo angotsinzina n'kumagwedeza mutu.

Kenako atchula ndalama. Bonasi yonse, ndiye kuonjezerapo njinga.

Ubwino wake:
- mawu
- khosi lowongoka bwino
- zala zikuyenda zokha

Kuipa kwake:
- kudula
- nkhope ya mayi a Tadala
- kuchigayo tizipita wapansi

Ndati ndikaganize kaye. Mu minibasi ndaganiza mpaka kupitirira siteji.

Lachitatu

Limbuli. Sitolo ya mawailesi, masola ndi nsapato, ndipo pamwamba pa zonsezi yapachikidwa gitala yofiira psuu, yonyezimira moti ndadziona nkhope. Yamphako ndithu, timabowo tili pomwepo. Wogulitsa akuti yangolowa kumene kuchokera ku Mozambique. "Baratu, patarawu! Yotchipa, bwana! Orijinolo!" Theka la bonasi basi.

Ndapempha kuti tiiyese pa ampu. Magetsi azima. Ndaiimba chomwecho. Ikulira, inde, koma mawu ake ndi opyapyala, ndipo ikununkha penti. Mawaya achita dzimbiri. Dzina lolembedwa kumutu kwake chilembo chimodzi chikumatuka.

Komatu theka! Njinga itsala, ya sopo itsala. Ndipo ndi yokongola, abale, tisanamizane.

Komanso mawu aja a dzulo sakuchoka m'khutu.

Ndatuluka m'sitolo n'kulowanso mpaka wogulitsa wayamba kuyang'anira nsapato zake. Ndabwerera chimanjamanja, mutu ukuphwanya.

Madzulo abwera alamu anga a Likaka, amene amachita geni ya mbuzi. Akuti vuto langa ndi limodzi, ndinalira pamaso pa mwini katundu. "Alamu, katundu sayamikiridwa. Mumamunyoza, kenako mumanyamuka ngati mukupita. Akuitanani okha musanafike pamsewu." Akuti mawa tipitira limodzi kwa a Namakhwa, ine ntchito yanga kutseka pakamwa.

Zikumveka zanzeru. Ndavomera.

Lachinayi

Chiperoni kuyambira m'mawa, phiri silikuoneka n'komwe, kamvula kowaza kaja kosaleka.

Sindikufuna kulemba za lero, koma ndilemba.

Tafika ndi nanazi wina. A Namakhwa atulutsa gitala. A Likaka aigwira pakhosi ngati akuyesa mbuzi, aigogoda pamimba, asuzumira m'kabowo. "Madala, mkati muno mulibe kanthu! Mukutigulitsa mphepo?" Kenako akuti yakalamba, yasuluka, ku Limbuli kuli yatsopano yoposa iyi. Andiponda phazi kuti ndithirepo ndemanga. Ndipo ine, ine ndemwe, ndi pakamwa pangapa, ndati khosi likuoneka ngati lapindika pang'ono. Bodza lamkunkhuniza!

Madala aja sanakalipe. Aitenga, aipukuta pamene a Likaka anagwira, aikulunga m'bulangete. "Iyi inaphunzitsa ana anga sukulu. Siipita kunyumba yoti izikanyozedwa."

A Likaka anditsinzinira diso kuti zikuyenda. Tanyamuka pang'onopang'ono, makutu ali kumbuyo. Tadutsa mpanda. Tadutsa mjigo. Tafika pamsewu. Zii.

Ndathamanga kubwerera ndekha. Ndati bonasi yonse nayi, njinga ndibweretsa mawa, za mayi a Tadala ndithana nazo. Angonditulutsira nanazi wanga pa zenera.

A Likaka akuti ndi mbuzi zimatheka.

Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo lero ndavumbwadi mpaka kabudula wamkati. Minibasi mpaka ku Limbuli. Wogulitsa wandiona ndikulowa wefuwefu, basi mtengo wakwera, akuti dzulo anaiwala za msonkho. Sindinanyoze kanthu. Ndalipira.

Pa kabaza ndaivundikira jekete langa, ine n'kumanjenjemera kumbuyo. Mayi a Tadala aiyang'ana, akuti ndi yokongola. Njinga aitsekera kuchipinda.

Lachisanu

Ambuye, ndithandizeni.

M'mawa ndati ndichotse mawaya adzimbiri aja ndiike atsopano. Ndamasula onse nthawi imodzi monga ndimachitira ndi yakale ija, kuti ndiipukute bwinobwino. Ndikuitembenuza, gwede! Kathabwa kamene mawaya amatsamirapo pamimba kagwa pansi n'kugubudukira kunsi kwa mpando.

Thukuta kuli chiperoni! Andibera! Gitala ya tsiku limodzi yayamba kale kuthothoka!

Kubwerera ku Limbuli nthawi palibe, ndalama palibe. Ndathamangira pa okala kukagula supagulu. Koma kanali pati? Ndapukuta kale, chizindikiro palibe. Ndakaika pamene pakuoneka bwino, pakatikati, ndathira supagulu wosaumira, ndatsindika ndi mwala wa pakhomo. Kagwira nganganga. Ndinadzitama pang'ono, ndisaname.

Mawaya atsopano, kuchuna. Ndikaimba osagwira paliponse, zili bwino. Ndikangotsitsa zala kumunsi kwa khosi, ikunama. Waya uliwonse ukunama bodza lakelake.

Kuyeserera kulibe lero, a Makwinja apita kukasaka jenereta. Masana abwera a Jafali, woimba bezi wathu, kudzaona katundu watsopano. Ayang'ana kathabwako, ayesa kukasuntha ndi chala, andiyang'ana ine.

"Achimwene, mwamata? Pa magitala amphako aka sikamatidwa. Kamagwidwa ndi mawaya. Mumakasuntha pang'onopang'ono mpaka mawu alondole."

Ndiye kuti sikanathyoke. Ndathyola ndine. Safunsa anadya phula.

Tayesa kukatupula ndi mpeni, penti ndi imene ikusupuka. A Jafali akuti tisiye tisanaboole mimba. Alumbira kuti sauza a Makwinja, koma potuluka mapewa amagwedezeka.

Dongosolo latsopano:
- kuimba kufupi ndi mutu kokha, kumene ikunama pang'ono
- kuima kumbuyo kwa ng'oma
- kupemphera kuti jenereta isapezeke

Chakudya chamasana chabwerera momwe chinabwerera.

Loweruka

Jenereta yapezeka.

Holo yodzaza pa Chonde. Ndikuitulutsa m'thumba, anthu "Eee!" A Makwinja aizungulira, akuti tsopano bandi yaoneka ngati bandi. Za kumbuyo kwa ng'oma akana. Andiimika kutsogolo, pafupi ndi chisipika chachikulu.

Ndalumikiza waya, ndakweza. Huuuuuu! Ndisanaikhudze n'komwe! Mphako ija ikumeza phokoso la sipika n'kumalibweza, sipika nayo n'kubwezanso. Ana agwira makutu. Ankhoswe a kuchikazi adzitayira fanta pa suti. Ndasunthira uku, huuu. Ndatembenukira kukhoma, huuu. A Jafali akukuwa kuti nditseke mabowo. Ndavula masokosi pamaso pa anthu n'kuwakankhira mkati.

Kulira kwachepa. Tsoka lake, tsopano ikumveka bwinobwino mmene ikunamira. Akwati akulowa, ine ndili pa nyimbo yanga, bandi ili pa nyimbo yake.

Ndaona dzanja la a Makwinja likupita pa mikisa, makina okwezera ndi kutsitsira mawu. Apotokola ka gitala yanga mpaka pansi. Kenako chala pa batani lija la pa kiyibodi.

Ndipo m'masipika mwatuluka gitala yoyera bwino, yosanama. Si yanga.

Ndikanatani? Kuima ngati chitsa anthu onsewo akundiyang'ana? Ndapitiriza kuyendetsa zala. A Makwinja akathamanga, ine kuwathamangira. Akakwera, ine kutsetsereka khosi lonse, pakuti tsopano kunama kwake sikukumveka. Nkhope ndaikwinya monga amachitira akatswiri.

Nthawi ya perekaniperekani azimayi avina molunjika ine, nthungululu, ndalama kuponyera gitala, ena kukankhira m'timabowo momwe muli masokosi. Woyendetsa mwambo pa maiki: "Tamverani zala za bambo awa! Izi ndiye zala!" Mkwati wapempha kujambulitsa nane. A Makwinja aphonya kamodzi, holo yonse yayang'ana ine, ine n'kupepesa ndi mutu.

Chiyambire kuimba sindinaomberedwepo m'manja chonchi. Ndimafuna pansi patang'ambika ndilowe.

Lamulungu

Chimfine cha Lachinayi chafika. Kutchalitchi sindinapite.

M'mawa wonse ndakhala ndikuvuula masokosi ndi ndalama m'mphako ndi sipoko ya njinga. Sokosi imodzi yakana.

Mayi a Tadala akuti azimayi a m'malayini onse a pa esiteti akukamba za ine, akuti sankadziwa kuti ndimatha chonchi. Anena monyadira. Ine ndabwerera ku sokosi ija.

A Makwinja afika dzuwa lili pamutu, nkhope yowala. Akuti dzulo lomwelo anthu awiri atipempha maukwati, ndipo onse akufunsa ngati bambo a gitala yofiira adzakhalepo. "Malo anu alipo, achimwene, musadere nkhawa. Muzivala shati ija ya dzulo. Koma waya wa ku ampu musamavutike kunyamula."

Ndati zikomo. Ndawaperekeza mpaka pamsewu.

Malo ndimawafuna aja ndi amenewa, ndawapeza. Zikundiwawa, koma ndikadandaule kwa yani, ndipo ndikati chiyani?

Shati ndachapa, ili pa chingwe. Madzulo ano ndakhala pakhonde kuyeserera nyimbo za Loweruka likudzali, imodziimodzi, mpaka zala kuwawa. Sadzandimva, koma zala zisamalakwitse. Anthu amayang'ana.