Mapu Ozondoka a kwa Alfa Sane

Kuno ku Timbuktu aliyense ndi mdzukulu wa munthu wophunzira. Funsani wogulitsa makala, akuuzani kuti agogo ake analemba mabuku olemetsa ngamira ziwiri, kungoti chiswe chinawadya. Ndiye musadabwe kuti ngakhale mbava zathu zili ndi pulofesa wake.

Dzina lake lenileni ndi Alkaya. Upulofesawo anaupeza kale, akunyamulira zikwama azungu ofufuza zakale. Azungu atasiya kubwera anatsala ndi magalasi a maso omwe maso ake sankawafuna, komanso mkazi wotopa. Mkaziyo, Niamoye, anali atanena mosapsatira: bwato la Loweruka likadzanyamuka m'nyumba mulibe mpunga, iye akwera, ulendo wa kwawo ku Dire.

Lachinayi Alkaya anaitana anzake awiri pa tiyi kuseri kwa msika. Panali Bouya, chimunthu chachitali chomwe timachitcha Ngamira, ndi Hamma, wotchedwa Kachala chifukwa ankati palibe loko womukana.

"Amwene, dilu iyi ndi ya mutu, si ya minofu," anatero Pulofesa akukonza magalasi. "Kwa Alfa Sane, mkulu wosunga mabuku akale uja, kuli bokosi lachitsulo. M'bokosimo muli mapu a makolo. Ku Bamako kuli bwana wina akuwafuna ngati mpweya."

"Mapu a golide?" anafunsa Ngamira.

"Mapu a dziko, mbuli iwe. Golideyo ndi mapuwo."

"Tilowa usiku?" anatero Kachala.

"Usiku amalowa ndi akuba. Ife tilowa mawa masana, amuna onse ali ku mzikiti, amayi akuwodzera ndi kutentha."

Ngamira anaganiza kaye. "Nanga pemphero lathu la Lachisanu?"

"Udzapemphera kawiri sabata yamawa."

Kachala anabwera ndi mawaya thumba lonse. Anapeza chitseko cha kumsewu chosakhoma, chipinda cha mabuku chosakhoma, bokosi losakhoma, ndipo zinamuwawa kwambiri. Pulofesa anatulutsa mapu m'chikwama chake chachikopa, kuwalowetsa mu mkanjo, pachifuwa. Zonse zinayenda ngati mafuta. Chinatsala n'kutuluka basi, koma Ngamira, yemwe anamusiya pakhomo kuti aziyang'ana anthu, panalibe.

Anamupeza m'bwalo la m'kati, atakhala pamphasa, mbale pamiyendo.

Kwathu kuno munthu woima pakhomo nthawi ya chakudya ndi mlendo, ngakhale nkhope yake itaoneka bwanji. Mayi Fadi, mkazi wa Alfa, anangomukoka dzanja.

"Anzako aja ndi amenewa?" anafunsa mayiwo.

"Ndawauza kuti tilipo atatu," anatero Ngamira, m'kamwa muli tho. "Kunama Lachisanu si bwino."

Amayi sankawodzera ayi. Panali mlendo wochokera ku Bamako, Dokotala Kadidia, wofufuza mbiri yakale. Anali atapeza m'mabuku a Alfa buku la ophika akale, ndipo ankayesa kuphika nyama ya nkhosa monga linanenera: uchi, anyezi, zipatso za kanjedza ndi viniga.

"Vuto lake, bambo, bukuli limangoti thira viniga wokwanira," anatero Dokotala. "Wokwanira ndani? Ndiye taphika miphika itatu. Tikusowa malilime."

Kukana chakudya cha mayi wa msinkhu wotere ndi kutukwana. Anadya. Mphika woyamba Pulofesa anati ukuperewera mbiri. Wachiwiri anati ndi umenewo, amaukumbukira. Wachitatu Ngamira anaumaliza asanapereke maganizo.

Kenaka mbaula inabwera, tiyi n'kuyamba. Ndipo tiyi wathu mukumudziwa: matambula atatu, iliyonse ndi kuwira kwake, ndipo wonyamuka yachitatu isanafike ndiye kuti sanaleredwe. Mbava zathu zinaleredwa bwino. Kachala ankatuluka thukuta, akumvetsera ulaliki ukupita kumapeto ku mzikiti.

"Akulu, tiyeni," ananong'ona.

"Pa tambula yoyamba? Ufuna atiyese akuba?"

Pa tambula yachiwiri Dokotala anatulutsa foni. Ankaonetsa Mayi Fadi chithunzi cha mapu a Alfa omwe anajambula dzulo lake, akulondola ndi chala njira yomwe zokometsera zakudya zinkadzera kudutsa chipululu. Pulofesa anasuzumira. Akanatha kukhala chete. Mpunga wa Niamoye unali pachifuwa pake, khomo lili apo.

"Pepani a Dokotala, mwazondotsa."

"Ayi bambo. Akale aja ankaika kummwera pamwamba."

"Ine ndagwira ntchito ndi azungu, mayi. Kumpoto kumakhala pamwamba. Foni yanuyo yatembenuza chithunzi."

"Zilembo zake zikuwerengeka chonchi."

"Mafoni a masiku ano amatembenuza ndi zilembo zomwe."

Kachala anamuponda phazi. Mayi Fadi anaseka pang'ono, atatseka pakamwa ndi nsalu. Kuseka kumeneko ndi komwe kunatha zonse. Munthu wa kuno angapirire njala, angapirire mchenga m'maso, koma osati kusekedwa pa nkhani ya maphunziro.

"Chabwino," anatero Pulofesa. "Tisakangane ndi chithunzi. Enieniwo ndi awa."

Anapisa dzanja mu mkanjo, kutulutsa mapu, kuwayala pamphasa mosamala ngati mwini wake. Maso onse anali pa mapuwo. Ngamira yekha ndiye ankanyambita chala.

Nthawi yomweyo Alfa Sane analowa kuchokera ku mzikiti, ndi ana ake aamuna anayi, ndi mnansi wawo wapolisi yemwe anatsatira fungo la nyama. Mkuluyo anayang'ana mapu ake, anayang'ana Alkaya, kenaka anawerama pang'onopang'ono n'kuwatembenuza.

"Wawagwira chozondoka, mwana wanga."

Wapolisi sanafulumire. Anadya kaye, n'kuwalola akubawo kumwa tambula yachitatu, pakuti nayenso analeredwa. Wapolisiyo akutuluka nawo, Pulofesa anatembenuka kufunsa Dokotala ngati m'buku lomwe akulemba adzatchulemo kuti mphika wachiwiri anauzindikira ndi iye.

Loweruka Niamoye anakwera bwato. Dire ili kummwera kwa kuno, ndipo Alkaya, yemwe tsopano amaphunzitsa akaidi anzake za mapu akale, amati iye ankadziwa kale kuti kummwera kumakhala pamwamba. Mkazi wake sanatsike ayi. Kwa anthu ophunzira, anakwera.