Mzungu wa Edina wapita kukaingitsa mpheta

Lolemba

A malume Lingisoni. Ndayamba ndi dzina lawo kuti mawa asadzakane.

Mng'ono wanga Edina saona chibadwire. Lolemba likubwerali ayamba mayeso a sitandade 8. Akakhoza, sekondale yogonera konko. Akalephera, abwerera pakhonde pano kumatongola chimanga mpaka imvi. A madamu ake amubwereka tabuleti yolankhula: ukaikhudza, mayi wachizungu amawerenga manotsi, kenako amafunsa mafunso. Ine, mwini satifiketi ya folomu 4 yomwe ikungodyedwa ndi mphemvu, ndakonza sabata yonse:

m'mawa, Sayansi
masana, Ulimi
nkhuku, ana ndi alendo, kutali!

Tangoyamba, mzungu akuyankhula pakhonde, mpheta zomwe zimatola pamphasa zonse balala! A malume aima. Akuyang'ana mbalame, akuyang'ana tabuleti. Maso amenewo sindikuwakonda.

Masana: "Bweretsani ndikakutchajireni pa sola yanga." Ine chitsiru ndapereka, ndi manja awiri.

Lachiwiri

Dzuwa lafika pamutu, tabuleti osabwera. Edina ali pamkeka, manja pamiyendo, sakudandaula. Bola akanalira.

Ndawalondola a malume kudambo, kumunda wawo wa mpunga. Ndisanafike ndikumva Chingerezi! Aikulunga m'jumbo, aimangirira pamtengo, ailumikiza ku sipika ya kutchalitchi. Mzungu akuphunzitsa mpheta za tizilombo toononga mbewu. A malume ali pansanja, miyendo lende, akudya nzimbe.

"Mphwanga, mawu anga anatha ndi kukuwa. Uyu satopa, samwa madzi."

Ndalanda. Matope mpaka m'mawondo.

Lachitatu

Ndadzuka, yapitanso. Amayi ndi amene apereka! Akuti mlongo wawo ndiye mwinimbumba, sakanizidwa. Akuti, "Mpunga umenewo sudzadya nawo?"

Zoona, ana a malume onse ali kusukulu, woingitsa mbalame palibe, mpunga wayamba kucha. Ndikudziwa. Sindinati sindikudziwa. Koma mpheta zikulemba mayeso liti?

Edina akuti, "Ndiye ndipite komweko ndizikamvera." Amayi akana mawu asanathe. Edina sanapondeko kudambo chibadwire. Tinjira take n'topapatiza, uku madzi uku madzi. Pa ichi chokha ine ndi amayi tagwirizana.

Ndakalandanso. Lero taphunzira theka la mutu umodzi, moto n'kutha.

Lachinayi

Ndaibisa m'dengu la gaga, pamwamba ndaikapo chitenje. A malume afika, agwada bwinobwino ngati munthu. Ine nkhope gwa: "A madamu aitenga."

Nthawi yomweyo nkhuku yakwera padengu. Dengu layamba kufotokoza za kayendedwe ka magazi m'thupi.

A malume: "A madamuwo ali m'gagamo?"

Amayi aseka mpaka kutsokomola. Edina nayenso waseka. Edina!

Anthu ondipereka mpaka pano:
a malume
amayi
nkhuku yakuda
mzungu mwiniwake

Lachisanu

Tabuleti a malume apita nayonso kudambo. Basi, Edina ndimuwerengera ndekha kuchokera m'makope anga akale. Pakamwa ndili napo.

Sizikuyenda. Edina akuti ndibwereze, ndabwereza. Akuti ndibwerezenso. Ndakweza mawu. Akuti, "Achemwali, mzungu uja akamabwereza sausa moyo." Ndatseka kope. Iye watembenukira kukhoma. Masiku atsala awiri, mitu yosawerenga ili mulu.

Madzulo a malume abwera nkhope itagwa. Akuti mpheta zamuzolowera mzungu, zikutera pa sipika penipeni, zina zikumvetsera zikudya. "Ndi waulesi, mawu ake ndi amodzimodzi ngati mvula."

Ndimayembekeza kuti ndisangalala. Ndaona ngala zomwe abweretsa, zopanda kanthu ngati tsache. Sindinasangalale kwenikweni. Pang'ono pokha.

Loweruka

Ndabwera kuchokera ku Songani kogula sopo: mkeka uli wokha, ndodo ya Edina palibe. Mtima phaa! Amayi ali kuchigayo. Mwana wa aneba akuti wamuona pakaliyala ya njinga ya a malume.

Ndathamanga, patapata m'manja, mawu onse owalalatira ndawakonzeratu.

Ndafika, ndaima. Edina ali pansanja, tabuleti pamiyendo, chingwe cha zitini m'dzanja. Mzungu akafunsa funso, iye akukuwa yankho ndi mphamvu zake zonse, n'kukoka chingwe. Mpheta balala! Akalakwa, mzungu akuti ayesenso, iye akukuwa koposa. Sindinadziwe kuti mwanayu ali ndi mawu otere. Kunyumba amayankhula ngati akupepesa.

A malume ali m'munsi, agwira mzati wa nsanja ndi manja onse awiri, thukuta kamukamu. "Ndamuyendetsa ndekha, phazi ndi phazi. Wagwa kamodzi kokha."

Kamodzi kokha! Diresi lonse matope. Edina akuti, "Achemwali, mpunga umanunkhira usanaphikidwe, bwanji simunandiuze?"

Mawu ndinakonza aja ndawasiya, ndayamba kumupukuta matope.

Lamulungu

Sipika yabwerera kutchalitchi ili ndi zitosi. Palibe wafunsa.

Titaweruka, a malume akuuza aliyense kuti mwana wa mlongo wawo akumuphunzitsa okha, mwa njira yawoyawo. Munthu woti sitandade 4 anaithawa! Kupepesa ayi. Angonditumizira nzimbe ziwiri. Ndadya, koma sikuti ndakhululuka.

Amayi anakalipa dzulo lonse, lero amuperekeza okha Edina kudambo. Ndamufunsa mafunso a mitu yonse atabwerako. Walakwa awiri. Mawu asasa, akuyankha monong'ona ngati a malume ake.

Pepala la ndondomeko yanga ndayatsira mbaula yositira yunifolomu yake. Mawa a malume amutengera kusukulu panjinga, koma Edina akuti pakhomo la kalasi ndikamulowetse ndine. Ndati ndiona ngati ndili ndi nthawi. Nsapato ndapukuta kale.

Za a malume Lingisoni ndatseka pakamwa, sindidzazitchulanso. Nkhuku yakuda ija ndiye tionana pa Khirisimasi.